Masiku Anayi Amene Mvula Inagwa Ine Kulibe

Ana anga, funso lanu ndimalidziwa ngakhale simulifunsa pamaso panga. Mumadabwa kuti munthu amene anagwira ntchito ya zanyengo kuyambira unyamata mpaka imvi, wosamwa mowa, wosaba ngakhale pensulo ya boma, anapuma bwanji ali pa giredi yomwe ija ya wothandizira, pamene anzake amene ankawerenga themomita mozondotsa anakakhala mabwana ku Lusaka. Ndinamva kuti Tiwonge anauza mwamuna wake kuti adada anawachitira nsanje kuntchito. Zikomo mwana wanga pondiikira kumbuyo, koma palibe amene anandichitira nsanje. Giredi ndinadzitayira ndekha, ndipo ndinaitaya chifukwa cha boti. Tsopano ndakhala pansi kuno kwathu kwa Mphamba, zigafa za fodya ndakusiyirani, maso akadali kuona mizere ya m'kope, ndiye ndilembe mmene zinayendera. Amayi anu akanakhala moyo akanandilanda cholembera, chifukwa ankati nkhani imeneyi ndi yochititsa manyazi nyumba yonse.

Chaka choyamba pantchito, Lundazi

Ndinayambira pa kasiteshoni ka zanyengo ka kuno ku boma, pansi pa a Tembo, munthu wamfupi wa ku Petauke amene ankamanga tayi ngakhale mu Okutobala. Ntchito yake poiona inali yochepa, koma inali yomanga miyendo. Tsiku lililonse eyiti koloko m'mawa umatsegula kabokosi koyera ka matabwa nkuwerenga mathemomita, umayang'ana muvi wa pamwamba pa mtengo kuti uone kumene mphepo ikuchokera, kenako umapita pa geji, chitini cha mkuwa chokhala ndi fanelo kukamwa, nkuthira madzi a mvula m'galasi la mizere. Zonse umalemba pa pepala la mwezi, ndipo kumapeto kwa mzere wa tsikulo umaika zilembo za dzina lako. Mwezi ukatha pepala limapita ku likulu. Panalibe Khirisimasi, panalibe ukwati wa mnzako. Tsiku loyamba lenilenilo a Tembo anandiimika pafupi ndi geji nkunena kuti, "Zimba, mvula siziba Sondo olo holide. Ukadwala, bwela udwalile pano. Na chamene sunaone na maso yako usalembe. Ukalemba boza, anthu azamanga bulichi pa boza yako, ndiye tsiku ina basi izagwela mu mtsinje." Ndinawaopa, ndipo ndinawakonda.

Zinthu zinkasowa. Mafomu akatha tinkajambula mizere kumbuyo kwa mapepala akale. Galasi loyezera linali limodzi lokha, ndipo a Tembo ankalisunga m'sokosi ngati dzira. Kumudzi ankandiyesa mneneri. Novembala akafika adada ankapalasa njinga kuchokera kwa Mphamba, nkuima kunja kwa waya chipewa chili m'manja. "Mwana wane, vula yizenge pauli? Mbewu ya fodya yakula ku nazale." Ndikawauza kuti ine ndimayeza imene yagwa kale, ankapukusa mutu. "Ndiye boma lakulemba ntchito kuti uzitiuza zimene tavumbwa nazo dzulo?" Zaka zisanu ndinakhala pamenepo osaphonya ngakhale m'mawa umodzi. M'zaka zomwezo ndinakwatira amayi anu, NyaGondwe wa kwa Kapichila, mkazi wolima ngati amuna awiri ndi wosunga mawu. Tiwonge atabadwa, a Tembo anakwezedwa kukhala woyendera masiteshoni, ndipo ine ndinalandira kalata yonditumiza kumpoto.

Chaka chachisanu ndi chimodzi, ku nyanja ya Mweru

Tinayenda masiku atatu, basi kenako lole, mapoto ali m'thumba, nkhuku ziwiri zili m'dengu. Siteshoni yatsopano inali ya munthu mmodzi, pa kaphiri koyang'ana nyanja: nyumba ya zipinda ziwiri, kabokosi koyera, muvi ndi geji. Bwana panalibe, wolowa m'malo panalibenso. Madzi aakulu amene ndinkawadziwa anali damu la ku boma kuno, limene munthu akaima tsidya lina mumapatsana moni bwinobwino. Pamene lole inatitsitsa, amayi anu anayang'ana nyanja nthawi yaitali, Tiwonge ali kumbuyo, kenako anati, "Awiske Tiwonge, madzi onsewa, munda tilima pati?" Sabata isanathe anali atatema kale mizere ya mtedza kuseri kwa nyumba, ndipo nyanja anaifulatira mpaka tsiku lochoka.

Ine ndiye inandigwira. M'mawa uliwonse ndikamaliza kulemba, ndinkatsamira waya nkumaonerera maboti a mathanga akutuluka pagombe. Sankafulumira, sankachita phokoso, ankangochepa pang'onopang'ono mpaka kusowa. Kutali kumene ankapitako kunali chilumba. Dzina lake sindilitchula, poti anthu ake akadalipo ndipo sanandilakwire kanthu. Masiku ena chinkaoneka ngati kamzere ka buluu, masiku ena chinkakhala ngati chalendewera pamwamba pa madzi osawakhudza, masiku ena kunalibe. Zaka ziwiri ndinachiyang'ana choncho, ndipo ndikuvomera kuti ndinkachilakalaka ngati mmene mnyamata amalakalakira mtsikana wa m'mudzi wina.

Mwini boti wina, mkulu wotchedwa Bashi Mwansa, ankadutsa pa kanjira ka pafupi ndi waya. Anagwirapo ntchito ya njanji ku Kabwe, ndiye Chinyanja ankachitha mwa njira yake. Ankakonda kuima nkuseka muvi wanga. "Mukwai, aka kamuvi kanu kali na nzelu, koma kachedwa. Bondo yanga iyamba kuuza ine, pamene kamuvi kakali kugona." Tinazolowerana. Chaka chimenecho sopo anasowa m'masitolo onse, amayi anu ankachapa matewera ndi madzi a phulusa mpaka manja kusupuka. Bashi Mwansa anandiuza kuti pachilumba amalonda ochokera tsidya la nyanja amabwera ndi sopo wa mitanda. Ndinamufunsa kuti ndi ulendo wautali bwanji. Iye anati, "Kuyenda ni maawazi yanayi. Kubwela ni mphepo." Ine ndinamva mawu oyambawo, ndinawerenga m'mutu: maola anayi kupita, anayi kubwera, ndikanyamuka nditayeza, ndifika dzuwa lisanalowe. Kwathu kuno msewu umene wakupititsa ku Chipata ndi womwewo umakubweza. Ndinauza amayi anu kuti ndikukagula sopo. Linali bodza la theka, ndipo iwo anadziwa theka linalo.

Loweruka, mwezi wa Novembala

Ndinayeza, ndinalemba, ndinasaina, ndinatsika phiri pothamanga. Boti linali la matabwa, m'ming'alu atatsekamo nsanza ndi phula. Munali matumba a ufa ndi mchere, makina osokera atakulungidwa m'bulangete, amayi awiri amalonda, ndi mlamu wake wa Bashi Mwansa, munthu wosalankhula amene ntchito yake inali chingwe ndi kukapa madzi. Anatikankha ndi nsungwi mpaka kutuluka m'bango. Kenako mlamu uja anakoka chingwe, thanga linakwera pa mlongoti, ndipo ine ndinaseka mokweza. Thangalo linali la matumba a feteleza osokedwa pamodzi, wokulitsa ndi wobereketsa, zilembo zina zili chozondoka, matumba omwe aja adada ankayanikirapo mtedza kwa Mphamba. Linakupiza kawiri, kenako linafufuma, boti linapendekeka pang'ono nkuyamba kuyenda lokha.

Ana anga, inu mwakwera ndege, ine ayi, koma sindikukhulupirira kuti mwamvapo chimene ndinamva ine. Chiyambire ndinali ndisanayendepo pa chinthu chosagwedeza mafupa. Njinga imagwedeza, ngolo imagwedeza, lole ya ku Chama imakusiya mano ali lende. Apa panalibe injini, panalibe fumbi, panalibe ng'ombe yoikalipira. Kunkangomveka madzi akunong'ona m'mbali mwa matabwa ndi chingwe chikulira pang'ono pa mlongoti. Ndinavula nsapato. Ndinaviika dzanja m'madzi, anali ofunda. Nditacheuka ndinaona kabokosi kanga koyera pa phiri katachepa ngati njere ya mpunga, ndipo nditacheukanso kunalibe. Ndinayembekeza kuti mtima undigunda, koma sunagunde.

Bashi Mwansa anakhala kumbuyo, chiwongolero chili m'khwapa, maso ali mwamba. Sankayang'ana kumene tikupita, ankayang'ana thanga ndi makwinya a pamadzi. Nthawi zina ankanena liwu limodzi, mlamu nkumasula chingwe pang'ono, boti nkuwongoka. Amayi amalonda aja anasenda chinangwa chowotcha nkundigawira, kenako anadzifunda zitenje kumutu nkugona. Pakati pa nyanja, pamene mtunda unasowa mbali zonse, ndinaona mvula. Inali kutali, mzati umodzi wotuwa utaima pakati pa mtambo ndi madzi, ukuyenda pang'onopang'ono wokhawokha, dzuwa likuwala uku ndi uku. Ndinayamba kuyerekeza mamilimita mwachizolowezi, kenako ndinazindikira kuti mvula imeneyo ikugwera pamene palibe geji, palibe munda, palibe munthu woti adzailembe. Poyamba ndinaimvera chisoni ngati yotayika. Kenako ndinaisirira. Ndinagona chagada pa matumba a ufa, thanga lili pamwamba panga, ndipo sindikudziwa ngati ndinagona tulo kapena ayi.

Chimene chinandidzutsa ndi fungo la nsomba zouma ndi mango. Tinali tikulowa pa kadoko kobisika kuseri kwa miyala, mmene munali maboti ambiri, milongoti yawo ikuwerama ndi kuweramuka ngati anthu opatsana moni. Inali wani koloko. Ndinalumpha, ndinafunsa kumene kuli sopo, ndipo mphindi khumi zisanathe ndinali nditabwerera padoko mitanda itatu ili m'khwapa. Ndinapeza mlamu uja atatsitsa thanga, atalikulunga, akulinyamula paphewa kupita nalo kumtunda.

"Bashi Mwansa, tinyamuka nthawi yanji?"

Anandiyang'ana ngati ndamufunsa tsiku limene adzafe. "Mukwai, mphepo ichokela kuti?"

Ndinatembenuza nkhope. "Kum'mawa."

"Na kunyumba kwanu ni kuti?"

Kunyumba kunali kum'mawa. Ine amene ndinkalemba mphepo m'buku la boma tsiku lililonse kwa zaka zisanu ndi ziwiri, sindinaganizepo ngakhale kamodzi kuti mphepo imene yakubweretsa siingakubweze. Thanga la matumba siliyenda molimbana ndi mphepo. Ndinafunsa za boti la injini limene linkanyamula makalata, anati lakhala miyezi iwiri lopanda mafuta. Ndinapempha asodzi kuti andipalase pa bwato, anaseka mpaka kugwirana mapewa, wina nkuloza mafunde a kunja kwa doko. Bashi Mwansa anandigwira pamkono. "Izatembenuka. Mwina mailo kukacha, mwina Chinayi. Tiyeni mukadye."

Lamlungu mpaka Lachiwiri, pachilumba

Bashi Mwansa anandisunga kwa mlongo wake, m'kachipinda koyang'ana kudoko. Lamlungu m'mawa mvula inagwa, ndipo eyiti koloko itakwana ndinapezeka nditaima pabwalo, wotchi ili m'manja, ndikuvumbwa ngati chitsiru. Ndinkaona geji yanga ikudzaza pa phiri paja, pepala lili pa tebulo, mzere wa tsikulo uli mbee. Ndinadziwa bwino lomwe chimene chinkandidikira. Wothawa pa siteshoni ya munthu mmodzi ankachotsedwa ntchito, ndipo ine ndinali ndi mkazi ndi kamwana kutali ndi kwawo, m'nyumba ya boma. Tsiku limenelo chakudya sichinatsike.

Koma mphepo siimva kudandaula, ndiye Lolemba ndinayamba kuyenda. Tawuni yake inali msewu umodzi wa mchenga, wochokera padoko kukwera mpaka pa tchalitchi, mitengo ya mango itakumana pamwamba. Mango ankagwa okha, nkhumba ndi ana atatopa nawo. Galimoto inali isanapondepo pachilumbacho, komabe belu la tchalitchi linali limu, chitsulo cha m'kati mwa tayala la lole, ndipo palibe amene anatha kundiuza mmene inafikira. Panali timasitolo topaka laimu, zitseko zake zobiriwira, tina togulitsa mbedza ndi ulusi wa maukonde, tina nsalu zowala zochokera tsidya. Telala anali atalandira kale makina amene tinabwera nawo, akuwapukuta ndi mafuta ngati mwana wobadwa kumene. Wometa tsitsi anakhomera galasi lake pa mtengo moyang'ana kunyanja, moti wometedwa ankadziona yekha ndi maboti akudutsa kuseri kwa makutu ake. Ndinameta ngakhale tsitsi linali lalifupi. Mawailesi ankaimba nyimbo za magitala za tsidya lija, nyumba iyi ndi iyo nyimbo yomweyo, moti poyenda sunkaisiya kumbuyo.

Kumunsi kwa doko kunali matandala a chisense, tinsomba tating'ono ngati kapenta, tikunyezimira padzuwa, amayi akutitembenuza ndi manja. Pafupi pake mkulu wina ankakhoma boti latsopano popanda pepala kapena tepi, ankangoyeza ndi chikhato ndi diso. Ndinakhala naye theka la tsiku ndikumugwirira matabwa. Sitinkamvana chilankhulo, koma ankati akaika thabwa nkundiyang'ana, ine nkugwedeza mutu ngati ndikudziwa kanthu. Kuseri kwa tchalitchi kanjira kankalowa m'migwalangwa, kumene amayi ankaphika mafuta ofiira m'migolo, nkukatulukira pa khoma lakale la miyala limene mizu ya mkuyu inaling'amba. Ena ankati linamangidwa ndi amalonda akalekale, ena ankati analipeza lilipo. Ndinakwera pamwamba pake ndipo ndinaona chilumba chonse, madzi atachizinga mbali zonse, kopanda njira yoti munthu aliyense wa ku likulu angandipezere.

Anthu anali atamva kuti ndine wa zanyengo amene mphepo yamutsekera, ndiye ankandiitana kuti Ba Weza, potengera liwu la Chingerezi la nyengo, nkumandifunsa moseka kuti itembenuka liti. Ndinkaseka nawo. Ankandiitanira pa makonde, kundipatsa nsomba yowamba ndi chinangwa. Ankadabwa kumva kuti kwathu munthu amalemera ndi ng'ombe, ndi kuti pali nkhalamba zimene zinafa zisanaonepo boti. Lachiwiri ndinakhala padoko ndikuthandiza mlamu uja kusoka chigamba pa thanga, ndi singano yaikulu yomwe ija timasokera mabelo a fodya, ndipo kwa nthawi yoyamba anatsegula pakamwa nkunena kuti ndili ndi dzanja. Nditayang'ana wotchi inali hafu pasiti naini. Eyiti koloko inali itadutsa ine osaimva. Ndikuuzani zoona, ana anga, ngakhale zikundichititsa manyazi: ndinali wokondwa. Ntchito inali ikundipulumuka, amayi anu anali okha pa phiri, koma ine ndinali wokondwa kuposa tsiku lina lililonse la moyo wanga wa pantchito. Ndinafika poganiza kuti munthu akhoza kukhala pamenepo nkumasoka mathanga mpaka kukalamba.

Lachitatu

M'mawa Bashi Mwansa anagogoda pa chitseko akusisita bondo. Mphepo inali itatembenuka. Ulendo wobwerera unali wokongola chimodzimodzi, koma ine sindinauone, maso anali pa phiri. Ndinakwera kanjira ka kunyumba cha m'ma thuu koloko, sopo ali m'manja ngati mboni yanga. Amayi anu anali akupalira mtedza. Anaweramuka, anandiyang'ana kuyambira kumutu wometedwa mpaka kumapazi. Analandira sopo, analowa m'nyumba, ine ndikutsatira.

Pa windo panali mabotolo anayi a sikwashi, otsekedwa ndi zitsononkho zokulungidwa m'pulasitiki. Lililonse linali ndi kansalu pakhosi: loyamba mfundo imodzi, lachiwiri ziwiri, mpaka zinayi.

"Iyi ni vula ya pa Sabata," anatero akuloza. "Iyi ya pa Chiwiri, iyi ya lero. Wailesi ikati eyiti awazi, ine nkhuthira. Sindinataye dontho."

"Nanga ili lopanda kanthu?"

"Pa Mande vula yikawa yayi. Ndatsekera kuti mudziwe kuti ndinapitako."

Sindinawaphunzitsepo. Ankangondiona pa windo zaka zonsezo, ine ndikuyesa kuti geji alibe nayo ntchito. Mathemomita ndi muvi sanazikhudze, poti manambala sankawadziwa. Ndinakhala pa tebulo, pepala la mwezi lili patsogolo panga. Mvula inalipo m'mabotolo. Kutentha kwa masiku anayiwo ndikanatha kulemba nditatsinzina, chifukwa masiku a Novembala kumeneko amafanana ngati ana a mimba imodzi. Mphepo ndiye ndinkaidziwa kuposa munthu aliyense m'dziko muno. Ndikanadzaza mizere inayi, nkusaina kanayi, palibe akanadziwa mpaka lero. Amayi anu anaima pakhomo. "Lembani waka, awiske Tiwonge. Adziwa ndani? Akakuchotsani, mwana uyu adya chiyani? Kwa Mphamba tikafika ndi nkhope yanji?" Anali kunena zoona, ndipo pensulo ndinaigwira nthawi yaitali. Sindinganame kuti ndinakumbukira mabulichi kapena mabasi. Chimene chinandiletsa ndi botolo lopanda kanthu lija. Munthu amene sanalembedwe ntchito anapita kukaona geji youma nkusunga umboni wake, ndiye ine wolembedwa ndikalembe zimene sindinaone? Ndinasiya mizere inayi ili mbee, mabotolo osawatsegula, ndipo ndinalemba kalata yonena kumene ndinali. Amayi anu sanandilankhule sabata yathunthu.

Mwezi wotsatira

A Tembo anabwera okha pa galimoto ya boma, tayi ili pakhosi, imvi zitayamba. Sanalandire mpando. Anawerenga pepala, anayang'ana mizere inayi ija, kenako anandiyang'ana ine.

"Zimba, pa anyamata bonse bamene ninaphunzisa, nenze kukamba za iwe. Manje wanichita chani? Unayenda kuchita chani ku chilumba?"

"Kukagula sopo, bwana."

"Sopo."

"Ndi kukaona, bwana. Ndinkafuna kukaona."

Kenako anafunsa za mabotolo amene ndinawatchula m'kalata. Amayi anu anabwera nawo m'lichero, nkugwada, nkufotokoza za mfundo ndi wailesi. A Tembo anatulutsa galasi, anamasula chitsononkho choyamba, anathira mosamala, ananyamula galasi kufika pa maso. Anachita choncho ndi onse, ngakhale lopanda kanthu lija analipendeketsa pa galasi nkudikira. Analemba manambala anayi ndi dzanja lawo mu mzere wa mvula. Za kutentha ndi mphepo anajambulamo timizere.

"Mvula nailandila," anatero. "Iwe sinizakupisha nchito, cifukwa sunaname. Koma kalata izangena mu faelo yako, na faelo ili na kalata ya so siyenda pamwamba. Uzibe lelo, usazanivutise kusogolo." Ndinati ndamva. Ndinatambasula dzanja kuti ndisaine, koma iwo anabweza pepala. "Iwe unaliko? Asaina ni wamene anachosa manzi mu geji."

Amayi anu anaseka poyesa nthabwala, kenako anaona nkhope ya a Tembo. "Ine sukulu yayi, abwana. Nidinde chala."

"Pepala iyi siidindiwa, amai. Ni malemba yabili cabe. Nizayembekeza."

Dzina la amayi anu linali Esnati Gondwe. Ndinatuluka nawo pabwalo, ndinasalaza mchenga ndi phazi, ndinalemba E ndi G ndi kamtengo. Anagwada pamenepo, Tiwonge ali kumbuyo, akulemba ndi kufufuta, kulemba ndi kufufuta. E sanavute, anati ndi chipeso chothyoka mano. G ndiye anawazunza, ankangotembenukira kumene akufuna. Dalaivala analiza hutala kawiri, a Tembo anamuyang'ana kamodzi ndipo sanayambirenso. A Tembo anakhala pansi pa mtengo maola awiri, munthu wa maulendo ambiri, akudzikupiza ndi chipewa. Pomaliza amayi anu anasamba m'manja, anakhala pa mpando wanga, anagwira pensulo ngati mpini wa khasu. Koyamba anaboola pepala. Kachiwiri zilembo zinatuluka zokhotakhota. Kachitatu ndi kachinayi zinatuluka zilembo zoti aliyense akhoza kuwerenga. A Tembo anapinda pepala, anavula chipewa nkunena kuti, "Yewo, amama," Chitumbuka chokhacho chimene ankachidziwa.

Chaka chotsatira anatisamutsira ku siteshoni ina ya kumtunda, kenako ina, mpaka kubwerera kuno ku Lundazi kumene ndinapumira. Faelo sinayende pamwamba, monga ananenera. Mayunifolomu anu osoka kawiri, nyumba ya zipinda ziwiri imene munakuliramo asanu, zonsezo zinachokera pa masiku anayi amenewo, ndipo ndikukupemphani mundikhululukire. Boti sindinakwerenso. Mukandifunsa ngati ndikanapitanso, ndikhala chete, chifukwa yankho lake simungalikonde.

Chimene ndikupempha ndi chimodzi. Wina wa inu akadzapita ku Lusaka, akafunse kumene amasunga mapepala akale a mvula, akapemphe la Novembala wa chaka chimene Tiwonge anayamba kuyenda bwino, siteshoni ya pa phiri la ku Mweru. Akaone ngati chiswe chalisiya. Pakati pake pali mizere inayi yopanda dzina langa, ndipo pa woyamba pali kabowo. Amayi anu sanalembenso china chilichonse mpaka tsiku limene tinawaika.